Alamu Yachikasu ya ku Chinsapo

Amayi anga mpaka lero amauza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo ankalipidwa chifukwa choonera TV. Ndinayesa kuwafotokozera mpaka malovu kuuma, kenako ndinangowasiya. Komanso tikanena chilungamo sanaphonye kwambiri. Ntchito yanga inali kukhala pampando m'chipinda chopanda zenera, maso ali pa masikirini akuluakulu, kudikira kuti china chake chilire.

Inali kampani ya mafoni. Nsanja zazitsulo zija mumaziona m'taunimu, pamwamba pake pamakhala mbale zoyera zooneka ngati ng'oma. Mbale ya pa nsanja iyi imayang'anizana ndi inzake ya pa nsanja ina kutali uko, ndipo zimaponyerana mawu anu ndi mauthenga anu m'mlengalenga popanda waya. Zimenezo ndiye timati mayikulowevu. Pansi pa nsanja pamakhala kanyumba kokhoma, mkati mwake muli mawailesi oyendetsa mbalezo, mabatire, ndi eyakoni yoziziritsa makinawo. Tsono chilichonse m'kanyumbamo chili ndi pakamwa. Magetsi akazima chimanena. Mabatire akafooka chimanena. Mukatentha, mvula ikatchinga mbale, ngakhale munthu akangotsegula chitseko, uthenga umathamangira kwa ife ku ofesi, n'kuyaka pa sikirini kwinaku kukulira kuti tii tii tii. Imeneyo ndiye alamu.

Maalamu anali ndi mitundu. Yofiira ndiye kuti kwinakwake netiweki yagwa, anthu akwera pachulu mafoni ali m'mwamba, akutitukwanira makolo. Pamenepo galimoto imanyamuka nthawi yomweyo, kaya ndi Lamulungu kaya ndi Khirisimasi. Yachikasu ndiye kuti chinthu chadwala koma chikuyendabe, chidikire nthawi yake. Okonza anali ochepa, magalimoto ochepa, nsanja mbwee, choncho lamulo limeneli silinali lopusa ayi. Ineyo ndinkaliteteza, ndipo watsopano akathamanga ndi yachikasu ndinkamuseka kuti akuitanira chimfine ambulansi.

Ntchito imeneyi imakusintha maso. Anthu akaona mitambo yakuda amaganiza zokanula zovala pachingwe, ine ndinkaganiza kuti mbale za ku Area 23 ziyamba kudandaula posachedwa. M'minibasi wina akamang'ung'udza kuti netiweki yavuta, ndinkangoyang'ana pazenera ngati sindikumva, chonsecho ndikudziwa nsanja yake ndi matenda ake omwe. Malo ambiri a mu Lilongwe ndinkawadziwa ngati timadontho pa sikirini, ndisanapondeko phazi.

Ine ndine wa ku Kawale, wobadwira komweko, ngakhale makolo akafunsidwa amati kwathu n'ku Dowa. Mtima wanga ndi wapachala, ndimavomera. Kuntchito ankadziwa kuti pakafunika wokalipira munthu pafoni, apatse ine.

Ndiye kunali nsanja ya ku Chinsapo. Alamu yake ya chitseko inayamba kulira m'mawa uliwonse titangolowa ntchito, n'kuzima patapita kanthawi. Madzulo dzuwa likupendeka, yomweyonso. Alamu ya chitseko si yosewera nayo, chifukwa akuba mabatire amalowera pomwepo, ndipo mwambo wake unali woti ukaona chitseko chatseguka pamene palibe wokonza amene watumidwako, uimbire mlonda wa pamalopo. Ndinaimba.

"Ndi a mlonda a pa nsanja ya ku Chinsapo?"

"Ndine ndithu, mama. Mwadzuka bwanji?"

Mawu awo anali a munthu wachikulire, Chichewa chokokera ku Chitumbuka.

"Ndadzuka. Watsegula chitseko cha makina ndani?"

"Aa, kapena ndi mphepo, mama."

Tsiku limenelo ndinaisiya mphepoyo. Mawa lake, mphepo. Mkuja wake, mphepo. Sabata isanathe ndinaphulika.

"Abambo, musandiyese mwana. Mphepo yanji imeneyo yodziwa nthawi ngati belu la kusukulu? Mphepo yotsegula loko n'kukhomanso bwinobwino? Ngati mukugulitsa mabatire athu mungonena!"

Mlondayo anangoti, "Sindine wakuba, mama. Yewo," n'kudula foni. Manyazi anandigwira pang'ono, koma ukali unali usanathe.

Ndinakadandaula kwa mnzanga wina wa gulu lokonza nsanja, amene dera la Chinsapo linali lake. Iye anangoseka n'kukanda m'mutu. "Iwe, tsitsa mawu. Loweruka ndikupita komweko. Tiye ukaione wekha mphepo yakoyo."

Tinapita. Tinasiya tala wa ku Likuni n'kulowa m'fumbi, kudutsa mauvuni a njerwa, akabaza, ndi timinda ta chimanga pakati pa nyumba za anthu. Nsanjayo inali mu mpanda wa njerwa, pamwamba pake waya waminga. Pageti panaima bambo wamtali, woonda, imvi zili mbuu, yunifolomu yositidwa mpaka mizere kuoneka. Nditangopereka moni anandizindikira mawu. Anavula chipewa. Ine amene ndinawatcha akuba ndinasowa poyang'ana.

Mnzangayo anati, "Adada, muonetseni." Bambowo anapisa m'thumba la mkati natulutsa kiyi womangidwa ku kachingwe. Apa mpofunika ndifotokoze. Mlonda saloledwa kukhala ndi kiyi wa kanyumba ka makina, iye yake ndi geti basi. Koma zaka zimenezo magetsi ankangozimazima, ndipo akabwerera, swichi yaikulu ya pa nsanja imeneyi inkakonda kugwa. Mnzangayo atatopa n'kuwoloka tauni yonse kudzangokweza swichi ndi chala chimodzi, anakadulitsa kiyi wina ku Biwi n'kuwapatsa bambowo. Zimenezi mabwana sankazidziwa.

Tinalowa. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo, koma mkati munali kuzizira kokoma. Bambowo anagwada pakona, kuseri kwa mabatire, natulutsa kachitini ka majarini kokulungidwa m'kansalu koyera. Mkati mwake munali timabotolo ta mankhwala.

"Ndi a mayi a kunyumba," anatero. "Ali ndi shuga. Amabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Mankhwala amenewa safuna kutentha, mama, ndipo kunyumba kulibe magetsi, denga ndi lamalata. Tinkasungitsa kwa aneba a furiji, koma tsiku lina anawaika pamodzi ndi mafirizesi ogulitsa, anauma gwa, achipatala anati titaye. Masiku ena magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Ndiye ndinaona kuti muno mumazizira usana ndi usiku, kuzizirira zitsulo zokha."

Ndinafuna kunena za malamulo, koma ndinazisiya. Ndinangoti, "Adada, pepani ndinakutchani akuba."

Anaumirira kuti tikaone kunyumba, kuseri kwa nsanja komweko, kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri. Panjira anandiuza kuti kwawo n'ku Rumphi, anabwera ku Lilongwe ali mnyamata, ndipo kutchalitchi kwawo ndi mkulu wa mpingo. Akazi awo tinawapeza pa benchi ya tomato pakhomo, mayi wamfupi, wathupi, wansangala. Atamva kuti ndine ndani anaomba m'manja.

"Ndinu amene mumawakalipira awa? Pitirizani, mwana wanga, ine ndinatopa nawo!"

Anatikazingira mtedza, anatipangira tiyi wa shuga wambiri, iwo n'kumamwa wawo wopanda kanthu akukwinya nkhope dala kuti tiseke. Mayi amenewo ndinawakonda tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo alamu ya chitseko cha ku Chinsapo inakhala yanga. Ikalira ndinkaidina kuti ikhale chete, timati kuivomereza. Anzanga a mashifiti ena ndinawauza kuti kachipangizo ka pachitsekocho n'kamisala, asamavutike nako, ndipo poti nsanja zambiri zinalidi ndi tizipangizo tamisala, palibe anafunsa kanthu. Kunena zoona ndinayamba kuidikira. M'chipinda chija tsiku lonse umangoona zowonongeka, koma alamu iyi yokha inkandiuza kuti kwinakwake mayi wina walandira mankhwala ake. Ikachedwa ndinkaimba. "Adada, mwagonereza kodi?" Iwo n'kuseka, "Tabwera, mama, tabwera." Nthawi zina mnzanga wokonza uja ankafika ku ofesi ndi jumbo ya tomato, ati a ku Chinsapo akupereka moni. Mwana wanga atadwala malungo ndinangotchula pafoni mongodutsa, koma adada anakhala akufunsa za iye mpaka atabwerera kusukulu.

Zinayenda choncho, mvula inagwa n'kutha, chisanu chinadutsa, mpaka tinalowa mu Okutobala.

Tsiku lina adada anandiimbira okha. Akulu awo anali atamwalira kumudzi, ndipo ankanyamuka ndi mayi tsiku lomwelo. "Tatenga kabotolo kamodzi m'fulasiki. Tina tonse, timene tangolandira kuchipatala, tili pamalo paja. Mutisungire, mama." Ndinawapepesa maliro, n'kuwauza kuti apite mtima uli m'malo. Kampani yawo ya alonda inatumiza mlonda wina wogwirizira.

Tsoka silinunkha. Lachisanu dzuwa litakwera, pa sikirini panayaka yachikasu: Chinsapo, eyakoni yaima. Ndinati mwina idzuka yokha, nthawi zina zimatero. Sinadzuke. Posakhalitsa panabwera yachikasu inzake, ya kutentha, ndipo nambala yosonyeza kutenthako inayamba kukwera pang'onopang'ono ndikuona ndi maso angawa.

Amene anakhalapo mu Lilongwe mwezi wa Okutobala akudziwa. Kanyumba kotseka kopanda zenera, kali padzuwa, mkati makina akutulutsa moto wawo, kamasanduka uvuni. Mawailesi amapirira zimenezo masiku angapo, n'chifukwa chake alamuyo ndi yachikasu. Mankhwala a shuga sapirira. Ndipo choipa chake n'chakuti akapsa nthawi zambiri sasintha maonekedwe, munthu n'kumabaya madzi osadziwa. Kuchipatala sakupatsanso ena tsiku lako lisanakwane, ndipo nthawi zina ukapita amati atha.

Ndinaimbira adada. Foni yawo sinkapezeka, kumudzi kwawo n'kumapiri. Ndinaimbira mnzanga wokonza uja. Anali ku Mchinji pamwamba pa nsanja, kunali yofiira kuyambira m'mawa, mphepo ikungowomba m'foni.

"Kuno sindichoka lero, mwinanso mawa," anatero. "Kiyi wanga ndili naye kuno, wina ali kwa bwana. Koma iwe, chonde, za kiyi wa adada uja usatchule. Tithera limodzi tonse."

Ndinaimbira mlonda wogwirizira kuti agwire chitseko andiuze. Anati, "Chikuotcha, madamu."

Bwana wathu wa shifiti anali munthu wofatsa, wa ku Area 25, wosakweza mawu, wokonda kuti zinthu ziziyenda m'ndondomeko yake. Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri, koma sanali munthu woipa. Ndinapita pa desiki pawo.

"Bwana, Chinsapo ikutentha. Titumize munthu."

"Yafiira?"

"Ayi, koma ifiira."

"Ikafiira undiuze. Magalimoto onse ali kunja. A eyakoni apita Lolemba."

Lolemba! Ndinabwerera pampando, ndinapeza nambala ija yakweranso. Ndinadzukanso. Ndinati mabatire afufuma. Anayang'ana pa sikirini yawo nati mabatire apirira. Ndinati ndipatseni kiyi ndipite ndekha nthawi ya nkhomaliro, ndikangotsegula chitseko mulowe mpweya. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Iweyo, wothamanga ndi yachikasu lero? Chitsekocho ukachisiya chotsegula mpaka Lolemba, mabatire ukawalondera ndiwe? Chavuta n'chiyani kwenikweni?"

Panali njira ina, ndipo sindibisa, ndinaiganizira ndithu. Kuchokera pa kompyuta yanga ndikanatha kuzimitsa wailesi ya ku Chinsapo, alamu n'kufiira, galimoto n'kunyamuka. Koma nsanja imeneyo inkadyetsanso nsanja zina za kuseri kwake mpaka kumidzi. Ndinaganiza za mayi woyembekezera amene matenda amuyamba, abale akufunafuna galimoto, foni osagwira. Dzanja linakana.

Ndinayerekezanso kukhala chete mpaka Lolemba. Ndinaona mayi aja pa benchi yawo ya tomato akubaya mankhwala akufa, akufooka osadziwa chifukwa chake. Ndikanawauza kuti ataye, akanabaya chiyani? Ayi ndithu. Ndinawaitanira bwana pakhonde, n'kuwauza zonse, za mankhwala, za mayiwo, za maliro, ndi za kiyi zomwe, chifukwa popanda kiyiyo nkhani sikanamveka.

Anausa moyo. "Ndikanakonda ndikanapanda kumva zimenezi," anatero. Analowa mkati, anatenga kiyi wa kanyumbako m'kabati, ndi wa galimoto yawoyawo. "Tiye."

Mukudziwa mmene pamakhalira pa mlatho wa Lilongwe Lachisanu masana. Ndinkangogwedeza miyendo, kutukwana maminibasi chamumtima, nthawi zina mokweza. Panjira bwana anangonena kuti nawonso ali ndi achemwali awo a shuga. Titatsegula kanyumbako moto unatimenya kumaso, mpaka tinabwerera m'mbuyo tonse awiri. Ndinagwada pakona paja. Kachitini kanali kofunda, koma poti kanali pansi pa simenti, kuseri kwa mabatire, kanali kasanafike pootcha. Tinagula mafirizesi pagolosale yapafupi, n'kukulunga zonse m'nsalu, kusamala kuti asakhudze timabotolo. Pobwerera tinadzera kwa namwino wina wodziwana ndi bwana. Anayang'ana timabotoloto powala, anafunsa kuti kwatentha nthawi yaitali bwanji, nati tafika nthawi yabwino. Tinakatiika m'furiji ya ku ofesi, imene inali pa jenereta, pakati pa makontena a nkhomaliro za anthu. Ndinasangalala, abale. Madzulo amenewo m'minibasi ya ku Kawale ndinkaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndakwezedwa pantchito.

Lolemba a eyakoni anapitadi monga bwana ananenera. Kanali kachipangizo kakang'ono kamene kanapsa, anakasintha tiyi wanga asanazizire. Alamu inazima.

Koma walira mvula walira matope. Mlonda wogwirizira uja anaona zonse, ndipo ntchito yake inali yoti akanene kwa mabwana ake kuti kunabwera anthu, analowa, anatulutsa kanthu. Sindimuimba mlandu, nayenso ali ndi ana. Mabwana akewo anafunsa kwathu kuti kanthu kanji. Bwana wathu anayesa kuzembazemba, koma si munthu wodziwa kunama, ndipo nkhani ya kiyi inatuluka. Loko anasinthidwa. Mnzanga wokonza uja anachenjezedwa, ndipo titakumana pamasitepe anangoti, "Ndinakuuza," n'kudutsa. Anakhala nthawi osandilankhula.

Mnzangayo ntchito sinamuthere. Koma adada sanali antchito athu, anali a kampani ya alonda, ndipo kumeneko mlonda wopezeka ndi kiyi wa makina sazengedwa n'komwe mlandu. Bwana wathu anapita yekha kukawapepesera. Anakauzidwa kuti akalekerera mmodzi, mawa alonda onse adulitsa makiyi. Adada atabwera kumaliro, fumbi la ulendo lisanachoke n'komwe, anauzidwa kuti akabweze yunifolomu.

Loweruka lotsatira ndinaika kabotolo kamodzi m'fulasiki n'kukwera minibasi. Ndinawapeza atakhala pakhonde atavala malaya akunyumba, ndipo popanda yunifolomu ija anaoneka okalamba kwambiri. Mayi anandilandira monga kale, koma nthabwala zinali zitachepa. Sindinafune kuzungulira.

"Adada, amene ananena za kiyi ndine."

"Ndikudziwa, mama. Bwana anu anandiuza okha." Anasisita maondo. "Mukanapanda kunena, awa akanabaya madzi. Ntchito ndi ntchito, ina ipezeka. Yewo chomene."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino, ndikanadziwa poyankha, paja zokalipirana ndiye zanga. Koma kuthokozedwa ndi munthu amene wam'chotsetsa ntchito, ayi, zimenezo sindifunira munthu. Ndinalira pamaso pawo ngati mwana, mayiwo n'kumanditonthoza ine.

Tinapangana chonchi. Kabotolo kamene akubaya azikasunga mu mtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa, monga anamwino amalangizira, ndipo totsalato tizikhala m'furiji ya ku ofesi kwathu. Kakatha, adada azibwera kudzatenga kena. Bwana anavomera osafunsa kanthu. Ine ndinaopseza ofesi yonse kuti wokhudza kachitini kameneko aona zakuda.

Anabweradi. Alonda a pageti pathu anandiimbira kuti pali bambo wina akukufunani. Ndinawapeza ataima panja pa geti, padzuwa, chipewa chili m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Chinsapo. Ndinawapempha alowe akhale pamthunzi, anakana, ati alonda anzawo asavutike chifukwa cha iwo. Ndinawafunsa za ntchito. Anati akuyang'anabe, koma kulikonse akumafunsa chimene unachokera kumene unali, ndipo iwo sangawanamize, komanso msinkhu sukuthandiza. Anali atayamba maganyu osenza njerwa, munthu wa imvi. Ndinayesa kuwapatsa ya minibasi, anakana, ndinaumirira, analandira akuyang'ana kumbali.

Ulendo wotsatira anabwera ataonda, nati mayi miyendo yayamba kutupa, ndipo benchi ya tomato aitseka. Ndinafunsafunsa ntchito ya ulonda kwa aliyense amene ndinkamudziwa, kutchalitchi, ku Kawale, kwa eni chigayo, ngakhale kwa amalume anga amene sitilankhulana bwino. Onse ankangoti tiona.

M'furiji munatsala kabotolo kamodzi. Nthawi yoti abwere inakwana, sanabwere. Foni yawo inali yozima. Ndinati mwina ndi mvula, popeza inali itayamba ndipo njira za ku Chinsapo zikanyowa si zoyendamo munthu wamkulu. Ndinadikira, kenako mtima unakana. Ndinakwera minibasi ndi fulasiki yanga.

Pakhomo paja ndinapeza mayi wina wachilendo akuchapa matewera. Aneba ndi amene anandiuza kuti lendi inawakanika, ndipo anabwerera kumudzi Khirisimasi isanafike, katundu yense pa lole ya wachibale wawo. Mayi a shuga aja anthu anachita kuwanyamula pokwera. Ndinafunsa dzina la mudzi, palibe ankalidziwa, ankangoti kumpoto. Ndinakafunsa kutchalitchi kwawo, anandipatsa nambala yomwe ija yosapezeka.

Anthu amene ndawauza nkhaniyi amati sindinalakwe. Nanenso ndikaiyala bwinobwino, sindiona pena pamene ndikanaponda Lachisanu lija. Koma zimenezo sizichotsa kanthu. Ndinapulumutsa mankhwala a miyezi yowerengeka, n'kugwetsa denga limene linkasunga anthu awiriwo. Ndipo furiji ya ku ofesi ija inalipo nthawi yonseyo, kuseri kwa msana wanga, koma poti zinthu zinkayenda, palibe mwa ife anaiganizira. Zimandiwawa. Ndikamva munthu akunena mopepuka kuti chilungamo n'chabwino nthawi zonse, ndimafuna kumugenda ndi nsapato. Sindikudziwa ngati mayi aja ali moyo.

Kabotolo kaja ndinabwerera nako, ndinakabwezera m'furiji. Ndinkati mwina atumiza munthu. Kanakhala mmenemo kumbuyo kwa makontena a anthu mpaka tsiku lolembedwa pa kabotolopo linadutsa. Mayi wokolopa mu ofesi, poyeretsa furiji, anabwera nako pa desiki panga n'kufunsa ngati kali ndi mwini wake. Ndinati akasiye. Ulendo wina anabwera nakonso. Ndinati, "Tayani, amayi," koma ndinawapempha adikire kaye ndituluke.